Mmene mungasinthire kulemera kwa elementi kukhala mamole

Funso lofunsa kuti m'magalamu akutiakuti a elementi muli mamole angati limaoneka lophweka, chifukwa masamu ake ndi kugawa nambala imodzi ndi inzake basi, koma ndi funso limene ophunzira ambiri a Fomu 3 ndi Fomu 4 amatayapo malikisi. Pa zaka zimene ndakhala ndikuthandiza ophunzira okonzekera mayeso a MSCE kuno ku Mzuzu, ndaona kuti pafupifupi onse amaloweza njira yake bwinobwino, ndipo mukawafunsa amayankha mosakayika kuti mamole amapezeka pogawa kulemera ndi molar mass, kutanthauza kulemera kwa mole imodzi ya elementiyo. Vuto limakhala pa nambala zimene amazitenga kuti azigawe, chifukwa wina amagawa makilogalamu m'malo mwa magalamu, wina amatenga nambala yolakwika pa Periodic Table (tebulo la maelementi onse), ndipo wina amaiwala kuti mpweya wa okosijeni umayenda maatomu awiriawiri. N'chifukwa chake malangizo awa akhalitsa pa zimene zimachitika musanakhudze kakyuleta, ndipo kugawa kwenikweniko tikudutsapo mwachangu.

Chinthu chimodzi chokha chiyenera kumveka tisanayambe. Mukapita kogula misomali m'mashopu ogulitsa zipangizo zomangira pafupi ndi msika waukulu wa Mzuzu, wogulitsa sawerenga misomali umodziumodzi, koma amaiyeza pa sikelo, ndipo mmisiri aliyense amadziwa kuti kilogalamu imodzi ya misomali ing'onoing'ono imakhala ndi misomali yambiri kuposa kilogalamu imodzi ya misomali ikuluikulu yokhomera denga. Mukadziwa kulemera kwa msomali umodzi, mutha kudziwa chiwerengero cha misomali yonse popanda kuiwerenga. Maatomu nawonso amawerengedwa poyeza kulemera kwake, ndipo mole ndi dzina la mulu wa maatomu (kapena mamolekyu, omwe ndi maatomu ogwirana pamodzi) okwana 6.02 × 10²³, monga momwe dazeni limatanthauzira zinthu 12 ndiponso thireyi ya mazira imatanthauzira mazira 30.

## Zofunika kukhala nazo

1. Periodic Table yosindikizidwa bwino, yoonetsa nambala ziwiri pa elementi iliyonse, komanso yokhala ndi kabokosi kofotokoza tanthauzo la nambala iliyonse.
2. Kakyuleta ya sayansi, makamaka yomweyo imene mudzalowe nayo m'mayeso. Kakyuleta ya m'foni imathandiza kunyumba, koma foni siloledwa m'chipinda cholembera mayeso, choncho ndi bwino zala zizolowere mabatani amene mudzagwiritse ntchito tsikulo.
3. Kope ndi cholembera, chifukwa ntchito imeneyi siyenera kuchitikira m'mutu.
4. Sikelo yoyeza magalamu pamodzi ndi kambale kouma koyezeramo, ngati mukuyeza nokha chinthucho mu labotale osati kungopatsidwa nambala pa pepala.

Ndi bwinonso kukhala ndi relative atomic mass (nambala yoonetsa kulemera kwa atomu imodzi) ya maelementi amene amabwera kawirikawiri, yolembedwa kuchikuto kwa kope lanu: haidrojeni H ndi 1, kaboni C ndi 12, naitrojeni N ndi 14, okosijeni O ndi 16, sodiyamu Na ndi 23, magineziyamu Mg ndi 24, aluminiyamu Al ndi 27, salufa S ndi 32, kolorini Cl ndi 35.5, potaziyamu K ndi 39, kashiyamu Ca ndi 40, ayironi Fe ndi 56, kopa Cu ndi 63.5, ndipo zinki Zn ndi 65.

## Sitepe 1: Lembani zimene mwapatsidwa, pamodzi ndi muyezo wake

Werengani funso lonse kufikira kumapeto, kenaka lembani pa mzere wakewake dzina la elementi, chizindikiro chake, ndi kulemera kumene mwapatsidwa. Nambala musailembe yokha, koma ikhale ndi muyezo wake pambali, kaya ndi g, kg kapena mg. Tiyerekeze kuti funso likufuna chiwerengero cha mamole mu magalamu 28 a ayironi. Mzere wanu woyamba ukhale wonena kuti elementi ndi ayironi, chizindikiro chake ndi Fe, ndipo kulemera kwake ndi 28 g.

Ngati mukuyeza nokha, yambani mwayeza kambale kopanda kanthu, lembani kulemera kwake, kenaka thiranimo chinthucho ndi kuyezanso, ndipo kulemera kwa elementi ndi kusiyana kwa nambala ziwirizo. Mwachitsanzo, kambale kopanda kanthu kakalemera 42.60 g, ndipo mutathiramo zinki sikelo n'kuwerenga 45.85 g, ndiye kuti zinki akulemera 3.25 g. Masikelo ambiri amagetsi ali ndi batani lobwezera nambala pa ziro kambale kali pomwepo, ndipo mukalidina musanathire kanthu, sikelo imakupatsani kulemera kwa chinthucho chokha.

Chenjezo: zizindikiro zina zimasocheretsa chifukwa sizifanana ndi dzina la Chingerezi la elementiyo. Potaziyamu ndi K, pamene P ndi fosiforasi wolemera 31. Sodiyamu ndi Na, pamene S ndi salufa. Mg ndi magineziyamu wa 24, pamene Mn ndi manganizi wa 55. Mukalakwitsa chizindikiro pa mzere woyamba, masamu onse otsatira amatha kukhala olondola koma yankho n'kukhala la elementi ina.

## Sitepe 2: Sinthani kulemerako kukhale m'magalamu

Molar mass imawerengedwa m'magalamu pa mole imodzi, kotero kulemera kumene mukugawa kuyeneranso kukhala m'magalamu. Ngati mwapatsidwa makilogalamu, chulukitsani ndi 1,000, chifukwa kilogalamu imodzi ndi magalamu 1,000. Ngati mwapatsidwa mamiligalamu, gawani ndi 1,000, chifukwa galamu imodzi ndi mamiligalamu 1,000. Motero 2 kg ndi 2,000 g, 0.5 kg ndi 500 g, ndipo 120 mg ndi 0.12 g.

Pa makilogalamu ophunzira salakwitsa kwambiri, popeza aliyense anazolowera kugula shuga ndi mchere pa kilogalamu, koma pa mamiligalamu ndi pamene kadontho kamasokonekera. Nambala ngati 60 mg ambiri amailemba 0.6 g, chonsecho kugawa ndi 1,000 kumasuntha kadontho malo atatu kupita kumanzere, ndipo yankho lolondola ndi 0.060 g. Njira yodalirika ndi kulemba nambalayo ndi maziro patsogolo, monga 0060, kenaka n'kuwerenga malo atatu kuchokera kumanja musanaike kadontho.

Chenjezo: ngakhale funso litakupatsani kale magalamu, lembanibe mzere wotsimikizira kuti muyezo uli m'magalamu. Chizolowezi chimenechi chimaoneka ngati chotaya nthawi, koma ndi chimene chimakupulumutsani tsiku limene wokonza mayeso wabisa kg pakati pa chiganizo chachitali.

## Sitepe 3: Pezani relative atomic mass yolondola

Apa ndi pamene pamagona nkhani. Pa Periodic Table, elementi iliyonse ili ndi nambala ziwiri. Yaing'ono ndi atomic number, imene imawerenga mapulotoni a mu atomu imodzi, ndipo nthawi zonse imakhala yathunthu, yopanda kadontho, komanso imakwera imodziimodzi mukamayenda kuchokera pa elementi ina kupita pa yotsatira. Yaikulu ndi relative atomic mass, imene imafotokoza kulemera kwa atomuyo poyerekeza ndi atomu ya kaboni-12. Pa ntchito yathuyi tikufuna yaikuluyo.

Musadalire malo amene nambalayo yalembedwa, chifukwa mabuku amasiyana. Ena amaika relative atomic mass pamwamba pa chizindikiro, ena amaiika pansi, ndipo wophunzira amene analoweza kuti nambala yofunika imakhala pamwamba amagwa m'mbuna akakumana ndi tebulo la mtundu wina. Yang'anani kabokosi kofotokoza, ndipo ngati palibe, tengani nambala yaikulu mwa ziwirizo. Pa ayironi mupeza 26 ndi 56, ndipo yofunika ndi 56. Pa kopa mupeza 29 ndi 63.5, ndipo yofunika ndi 63.5. Pa haidrojeni pokha ndi pamene nambala ziwirizi zimaoneka zofanana, zonse 1, pa tebulo lofupikitsa manambala.

Kawirikawiri funso la mayeso limakupatsani lokha relative atomic mass kumapeto kwake. Zikatero gwiritsani ntchito nambala imene mwapatsidwayo, ngakhale itasiyana pang'ono ndi imene munaloweza. Buku lina limalemba kopa 63.5, lina 64, ndipo matebulo olondola kwambiri amalemba ayironi 55.85 m'malo mwa 56. Kusiyana kumeneku si kulakwitsa, koma ndi kufupikitsa nambala mosiyana, ndipo wochonga amayembekezera yankho lochokera pa nambala imene ili pa pepala la mafunso.

Ena amadabwa chifukwa chimene kolorini alili ndi theka pa nambala yake, ndipo amayesa kuikonza kuti ikhale 35 kapena 36. Isiyeni momwemo. Maatomu a kolorini alipo a mitundu iwiri, olemera 35 ndi olemera 37, ndipo pa maatomu anayi alionse pafupifupi atatu ndi a 35 pamene imodzi ndi ya 37, kotero avereji yake imagwera pa 35.5.

## Sitepe 4: Tsimikizani ngati funso likufuna maatomu kapena mamolekyu

Pa zitsulo monga ayironi, kopa, zinki ndi aluminiyamu, komanso pa kaboni, palibe chovuta. Mumangotenga relative atomic mass n'kuiphatikiza ndi muyezo wa g/mol, ndipo imeneyo ndiyo molar mass. Molar mass ya ayironi ndi 56 g/mol, kutanthauza kuti mole imodzi ya maatomu a ayironi imalemera magalamu 56.

Koma pali maelementi asanu ndi awiri amene, akakhala paokha osasakanikirana ndi elementi ina, maatomu ake amagwirana awiriawiri n'kupanga molekyu. Amenewa ndi haidrojeni H₂, naitrojeni N₂, okosijeni O₂, fulorini F₂, kolorini Cl₂, bromini Br₂ ndi ayodini I₂. Funso likatchula mpweya wa okosijeni kapena mamolekyu a okosijeni, kapena likalemba O₂, molar mass yake ndi 16 × 2, imene ndi 32 g/mol. Likatchula maatomu a okosijeni, molar mass yake ndi 16 g/mol. Kusiyana kwake n'kofanana ndi kufunsa kuti mu dengu muli nsapato zingati kapena muli mapeyala angati a nsapato, pamene katundu ndi yemweyo koma chiwerengero china ndi theka la chinzake.

Choncho m'magalamu 8 a okosijeni muli mamole 0.5 a maatomu, popeza 8 ÷ 16 = 0.5, komanso muli mamole 0.25 a mamolekyu, popeza 8 ÷ 32 = 0.25. Mayankho onsewa ndi oona, koma limodzi lokha ndi limene likuyankha funso limene mwafunsidwa.

Chenjezo: funso likangonena kuti mpweya wa kolorini kapena mpweya wa naitrojeni popanda kutchula maatomu, tengani mamolekyu, chifukwa umo ndi mmene mpweyawo umapezekera. Lembaninso poyera kuti mwagwiritsa ntchito Cl₂ ndi 71 g/mol, kuti wochonga aone maganizo amene munatsatira.

## Sitepe 5: Yerekezani yankho musanagawe

Sitepe imeneyi simudzaipeza m'mabuku ambiri, koma ine ndimaiona kuti ndi yofunika kuposa zonse, chifukwa imagwira zolakwika zimene kakyuleta singazione. Yang'anani kulemera kumene muli nako, muyerekeze ndi molar mass. Ngati kulemerako n'kochepa kuposa molar mass, ndiye kuti mulibe mole yathunthu, ndipo yankho liyenera kuchepera pa 1. Ngati kulemerako n'kochuluka kuposa molar mass, yankho liyenera kupitirira 1. Magalamu 28 a ayironi ndi ochepa kuposa 56, ndipotu ndi theka lake lenileni, kotero musanadine batani lililonse mukudziwa kale kuti yankho lili pa theka la mole.

Lembani kuyerekeza kwanuko m'mphepete mwa pepala ndi pensulo, ngakhale mawu awiri okha onena kuti lichepera pa 1.

## Sitepe 6: Gawani kulemera ndi molar mass

Lembani lamulo lake kaye musanaikemo manambala:

mamole = kulemera m'magalamu ÷ molar mass

M'mabuku limalembedwa mwachidule kuti n = m ÷ M, pamene n ndi chiwerengero cha mamole, m wamng'ono ndi kulemera, ndipo M wamkulu ndi molar mass. Pa chitsanzo chathu, n = 28 g ÷ 56 g/mol = 0.5 mol. Magalamu a pamwamba ndi a pansi amafafanizana, ndipo chotsala ndi mol, chimene ndi chizindikiro chovomerezeka cha mole.

Chenjezo: kulemera ndi kumene kumayamba kulowa mu kakyuleta, molar mass n'kubwera pambuyo. Ophunzira ambiri anakula ndi maganizo a ku pulayimale akuti nambala yaikulu ndiyo imagawidwa ndi yaing'ono, ndipo dzanja limatembenuza lokha n'kulemba 56 ÷ 28 = 2. Amene anachita sitepe 5 amazindikira nthawi yomweyo kuti 2 sangakhale yankho.

## Sitepe 7: Fupikitsani nambala moyenera ndi kulemba muyezo

Yankho likatuluka ndi manambala ambirimbiri kuseri kwa kadontho, musakopere onse, komanso musadule kwambiri. Ngati funso lanena chiwerengero cha madesimo kapena cha significant figures (manambala owerengedwa kuyambira pa nambala yoyamba yosakhala ziro), tsatirani zimenezo. Ngati silinanene, significant figures zitatu zimakwanira pa mafunso ambiri a kusekondale. Kumbukirani kuti maziro a kutsogolo sawerengedwa, kotero 0.00107 ili ndi significant figures zitatu, ndipo mukaifupikitsa kukhala 0.001 mwataya mbali ya yankho, pamene mukaifupikitsa kukhala 0.00 mwanena kuti mulibe kanthu.

Fupikitsani kamodzi kokha, pa mzere womaliza. Kenaka lembani yankho lonse, lokhala ndi nambala, muyezo ndi dzina la chinthucho, monga 0.5 mol ya maatomu a Fe.

## Sitepe 8: Bwererani m'mbuyo kuti mutsimikize

Chulukitsani yankho lanu ndi molar mass, ndipo muyenera kubwerera pa kulemera kumene munayamba nako. Apa 0.5 mol × 56 g/mol = 28 g, kusonyeza kuti kugawa kunayenda bwino. Dziwani kuti kutsimikiza kotereku kumangogwira zolakwika za pa kakyuleta. Ngati munatenga 26 m'malo mwa 56, kubwerera m'mbuyo kudzakupatsanibe 28 g, ndipo mudzakhutira ndi yankho lolakwika, n'chifukwa chake ndi bwino kuyang'ananso pa Periodic Table kachiwiri musanapite ku funso lina.

## Zitsanzo zochokera pa zinthu zimene timaziona

Tiyambe ndi misomali ija. Misomali imapangidwa ndi chitsulo chimene mbali yake yaikulu kwambiri ndi ayironi, chosakaniza ndi kaboni pang'ono, koma pofuna kuphunzira tiyerekeze kuti kilogalamu yonseyo ndi ayironi yekhayekha. Tisintha 1 kg kukhala 1,000 g, titenga 56 g/mol, ndipo tiyerekeza kuti yankho lipitirira 1 kutalitali, chifukwa 56 amalowa mu 1,000 kambirimbiri. Tikagawa, 1,000 ÷ 56 = 17.857, ndipo tikafupikitsa ndi 17.9 mol. Amene waiwala kusintha makilogalamu amapeza 0.0179 mol, yankho locheperatu ka 1,000.

Chitsanzo chachiwiri chikuonetsa chifukwa chimene mole ilili yofunika. Kachidutswa ka waya wa kopa kolemera 12.7 g kali ndi 12.7 ÷ 63.5 = 0.2 mol, ndipo kachidutswa ka aluminiyamu kolemera 5.4 g kali ndi 5.4 ÷ 27 = 0.2 mol. Pa sikelo kopayo akulemera kuposa kawiri, koma chiwerengero cha maatomu m'tizidutswa tiwiriti n'chofanana, chifukwa atomu imodzi ya kopa imalemera kuposa maatomu awiri a aluminiyamu.

Zinki uja tinamuyeza mu sitepe 1 analemera 3.25 g, ndipo 3.25 ÷ 65 = 0.05 mol. Tsiku lina gulu la ophunzira anayi linandibweretsera 0.705 mol pa muyezo ngati womwewu, ndipo onse anali otsimikiza chifukwa aliyense anagawa payekha n'kupeza nambala yofanana. Titayang'ana m'kope la mtsikana amene ankalemba manambala, tinapeza kuti anagawa 45.85, kutanthauza kuti kambale nakonso anakawerengera ngati zinki. Masamu awo analibe banga, koma kugwirizana kwa anthu anayi sikunathandize popeza onse anakopera nambala imodzi.

Tsopano tione nambala yaing'ono. Tiyerekeze kuti piritsi lowonjezera magazi, la mtundu umene amayi oyembekezera amalandira kusikelo, lili ndi 60 mg ya ayironi. Tisintha kukhala 0.060 g, ndipo 0.060 ÷ 56 = 0.00107 mol, imene ingalembedwenso 1.07 × 10⁻³ mol. Makakyuleta ena amaonetsa yankho lotere ndi kanambala kakang'ono ka −3 kumapeto kwa sikirini, ndipo wophunzira wothamanga amangokopera 1.07 n'kusiya kanambalako, zimene zikutanthauza kuti piritsi limodzi lili ndi ayironi wolemera pafupifupi magalamu 60.

Chitsanzo chimene ndimachikonda kwambiri ndi cha feteleza, chifukwa pafupifupi banja lililonse, kaya ku Chibavi, ku Zolozolo kapena ku Luwinga, lili ndi munda penapake ndipo thumba la feteleza si chinthu chachilendo. Pa thumba la yureya pamalembedwa kuti 46% N, kutanthauza kuti pa magawo 100 alionse a kulemera kwake, magawo 46 ndi naitrojeni. Apa pali ntchito yowonjezera isanafike sitepe 2, chifukwa thumba lonse la 50 kg si naitrojeni, ndipo tiyenera kupeza kaye kulemera kwa elementiyo payokha. Tikawerenga, 46 ÷ 100 × 50 kg = 23 kg, imene ndi 23,000 g. Pa sitepe 4 pamafunika kusamala, popeza naitrojeni ali m'gulu la maelementi asanu ndi awiri aja, komabe mu yureya sali ngati mpweya wa N₂, koma maatomu ake ndi omangika ku kaboni ndi haidrojeni. Choncho tiwerenga maatomu pogwiritsa ntchito 14 g/mol, ndipo 23,000 ÷ 14 = 1,642.9, imene tikaifupikitsa pa significant figures zitatu ndi 1,640 mol ya maatomu a N.

Feteleza wokulitsa wa 23:21:0+4S mungamuwerengenso chimodzimodzi. Nambala yomalizayo ikutanthauza 4% ya salufa, kotero m'thumba la 50 kg muli 2 kg, kapena kuti 2,000 g, ndipo 2,000 ÷ 32 = 62.5 mol. Koma nambala ya 21 musaigawe ndi 31 poganiza kuti ndi fosiforasi yekha, chifukwa pa matumba a feteleza nambala yapakatiyo imaimira P₂O₅, fosiforasi wogwirana ndi okosijeni, ndipo kuti mupeze fosiforasi weniweni pamafunika masamu ena owonjezera.

## Funso likapitirira n'kufunsa chiwerengero cha maatomu

Mafunso ena amakhala ndi gawo lachiwiri lofunsa kuti m'mamole amene mwapezawo muli maatomu angati. Chulukitsani mamolewo ndi nambala ya Avogadro, imene ndi 6.02 × 10²³. Pa ayironi wathu uja, 0.5 × 6.02 × 10²³ = 3.01 × 10²³ maatomu. Polowetsa nambalayi mu kakyuleta, dinani 6.02, kenaka batani lolembedwa EXP kapena ×10ˣ, kenaka 23. Musadine × 10 musanadine EXP, chifukwa batanilo lili kale ndi 10 mkati mwake, ndipo mukatero yankho limakula kakhumi. Ngati munawerenga mamole a mamolekyu monga O₂ koma funso likufuna maatomu, chulukitsaninso ndi 2.

## Zolakwika zimene zimachitika kawirikawiri

Cholakwika chimene ndimachiona kwambiri pochonga ndi kutenga atomic number m'malo mwa relative atomic mass, ndipo n'choopsa chifukwa yankho lake limaoneka labwinobwino. Pa maelementi ambiri oyambirira, monga kaboni, naitrojeni, okosijeni, magineziyamu, salufa ndi kashiyamu, atomic number ndi theka lenileni la nambala inayo, kotero yankho lolakwikalo limatulukanso losalala, lopanda madesimo osokoneza. Wophunzira amene wagawa magalamu 24 a kaboni ndi 6 amapeza 4 m'malo mwa 2, ndipo palibe chimene chimamuchenjeza.

Chachiwiri ndi kutembenuza kugawa, makamaka pamene kulemera kuli kochepa kuposa molar mass. Chachitatu ndi kusiya makilogalamu ndi mamiligalamu osasintha, ndipo chizindikiro chake ndi yankho lokhala ndi manambala olondola koma kadontho kali pamalo olakwika.

Pa maelementi oyenda awiriawiri, kulakwitsa kumachitika mbali zonse ziwiri. Ena amaiwala kuchulukitsa ndi 2, n'kupeza 0.4 mol pa magalamu 14.2 a mpweya wa kolorini pamene yankho ndi 14.2 ÷ 71 = 0.2 mol. Ena akangophunzira lamuloli amayamba kuliika paliponse, n'kumalemba Na₂ kapena Fe₂, kapena kugwiritsa ntchito 28 pa naitrojeni wa mu feteleza.

Palinso kusokoneza elementi ndi kompaundi, chinthu chopangidwa ndi maelementi awiri kapena angapo ogwirana. Mchere wa m'ndiwo si sodiyamu, koma ndi NaCl, ndipo molar mass yake ndi 23 + 35.5 = 58.5 g/mol, kotero kugawa kulemera kwa mchere ndi 23 kumapereka nambala yopanda tanthauzo. Chimodzimodzinso makala si kaboni yekhayekha, popeza mumakhala chinyezi ndi zimene zimatsala ngati phulusa, ndipo mungawawerenge ngati kaboni pokhapokha funso litakuuzani kutero kapena litakupatsani peresenti yake. Kalembedwe nakonso kali ndi ntchito apa, chifukwa Co ndi kobati, elementi imodzi, pamene CO ndi mpweya wa kaboni ndi okosijeni umene umapha anthu ogona ndi mbaula m'chipinda chotseka m'miyezi yozizira ya June ndi July.

Kufupikitsa nambala msanga kumaononga mayankho a mafunso okhala ndi magawo angapo. Mukasintha 0.00107 kukhala 0.001 pa gawo loyamba, kenaka n'kuchulukitsa ndi 6.02 × 10²³ pa gawo lachiwiri, mumapeza 6.02 × 10²⁰ pamene yankho lolondola lili pafupi ndi 6.45 × 10²⁰. Sungani nambala yonse mu kakyuleta pogwiritsa ntchito batani la ANS, ndipo mufupikitse pokhapokha mukulemba yankho lomaliza.

Chomaliza ndi kulemba yankho lokha popanda njira, kapena kulemba nambala yopanda muyezo. Pa funso la masamu otere, malikisi amagawidwa pa lamulo, pa kuikamo manambala ndi pa yankho, kotero amene walemba mizere yonse n'kulakwitsa pa batani amatolabe kena kake, pamene amene wangolemba nambala imodzi yolakwika satola chilichonse. Muyezo wake ulembedwe mol, osati M, chifukwa M wamkulu woikidwa pambuyo pa nambala amaimira mamole a mu lita imodzi ya madzi osungunuliramo mankhwala, ndipo wochonga akaona 0.5 M amawerenga yankho la funso lina.